Chimanga cha a Uladi ndi Chipani cha Tisiyeni

A Abisai Uladi anayamba ntchito ya masipala, ndiko kuti khonsolo ya tauni, mzinda wa Mutare ukadatchedwa Umtali, ndipo ntchito imene anatchuka nayo inali yotchetcha chimanga cha anthu. Sankadana ndi eni chimangacho ayi. Lamulo linkati m'tauni salima, makamaka m'mphepete mwa mitsinje, koma anthu a ku Sakubva ndi ku Dangamvura mvula ikangogwa ankadzala paliponse pamene khasu lalowa. Ndiye chaka ndi chaka, chimanga chikayamba kutulutsa ngayaye, thirakitala la masipala linkatsitsa amuna ovala maovolosi, aliyense ndi chikwakwa chake. Kutsogolo kwawo kunkakhala kapitawo wamtali, wowonda, wa ndevu zometa bwino. Amenewo ndiwo anali a Uladi.

Anabadwira pa komboni ya mgodi ku Penhalonga. Bambo awo anachokera ku Ntcheu wapansi, kutsata ntchito ya golide, ndipo anamwalira osabwererako. A Uladi eni ake ku Malawi sanapondeko, koma Chinyanja chawo chinali chosasakaniza, ndipo ulemu anali nawo wochuluka mpaka wotopetsa. Asanatchetche munda ankavula chipewa n'kunena kuti, "Pepani amayi, ndatumidwa." Amayi ena ankati bola akadangotukwana.

Akazi awo, a Tecla, amene aliyense ankawaitana kuti amake Joice, nawonso anali ndi kamunda kudambo la kumunsi kwa Dangamvura. Pofuna kuonetsa kuti alibe tsankho, a Uladi ankayambira munda umenewo. Amake Joice sankayankhula zambiri. Ankaima chapatali, atamanga manja kumbuyo, kuonerera amuna awo akugwetsa mizere imene iwo anapalira. Madzulo ankawapatsa madzi osamba ofunda monga mwa masiku onse. Mvula ina ikagwa, ankadzalanso.

Ufulu utabwera, a Uladi anapuma pa ntchito. Iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti kutchetcha chimanga kunali nkhanza za azungu, ndipo kuti kwatha limodzi ndi mbendera yakale. Chaka chimenecho anagwira khasu koyamba, n'kuthandiza akazi awo kukulitsa munda mpaka kumwala wa kumtunda. Anathira manyowa a nkhuku. Chimanga chinabiriwira. Chitangotulutsa ngayaye, anamva kulira kwa thirakitala limene ankalidziwa bwino kuposa mawu a ana awo. Linali lomwe lija, amuna a zikwakwa omwe aja, koma kapitawo tsopano anali Wilbert, amene a Uladi anamuphunzitsa okha kunola chikwakwa.

Wilbert anavula chipewa. "Pepani mdala, ndatumidwa."

Tsiku limenelo a Uladi anadziwa mmene mawu amenewo amamvekera ukaima mbali ya mwini munda. Atafika kunyumba anafunsa akazi awo.

"Amake Joice, kodi zimapweteka chonchi?"

"Chaka choyamba chokha," anayankha amake Joice, akusankha nyemba.

Chipani cha Tisiyeni chinabadwa mwezi womwewo. Chiphunzitso chake chinali chachifupi, moti a Uladi ankachinena asanameze mate: boma ligwire mbava, kwinako litisiye. Munthu alime pamene wapeza dothi, agulitse tomato popanda chilolezo, afule mowa wake, asunge galu ndi njinga popanda kukadula laisensi, alowetse wa lendi m'nyumba mwake popanda kufunsa aliyense. M'dziko munali kale zipani ziwiri zikuluzikulu zimene zinkakanganirana za kulamula anthu. A Uladi ankati chawo ndi chachitatu, chimene chikufuna mpando kuti chisalamule munthu.

Wachiwiri wawo anali a Naison, amene anapuma pa ntchito ya njanji, munthu wokonda dongosolo chifukwa moyo wake wonse anautha akulumikiza mabogi. A Naison anati chipani chenicheni chimakhala ndi malamulo ake, makhadi ndi nthawi yoyambira msonkhano.

"Achimwene, mukufuna tithawe lamulo kuti tikadzipangire lina?" anafunsa a Uladi. "Muno mulibe wokakamiza mnzake. Wofuna kubwera abwere, wofuna kugona agone."

Ambiri anasankha kugona. Komabe chipanicho sichinasowe anthu, ndipo chifukwa chake n'chakuti a Uladi analinso wapampando wa bungwe la maliro la anthu a kwathu, limene tonse timalitcha beriya. Kumeneko kunalibe za Tisiyeni. Wochedwa ankalipitsidwa, wojomba pa maliro ankaitanidwa kubwalo, wobwera wosavala yunifolomu ankabwezedwa pakhomo, ndipo malamulo ambiri anawakhwimitsa a Uladi eni ake. Beriya inkakumana Lamulungu masana kuseri kwa tchalitchi. Pemphero lotsekera likangotha, a Uladi ankavula jekete la beriya, n'kulipinda, n'kunena kuti, "Tsopano tili mu msonkhano wa chipani. Aliyense ndi womasuka kupita." Koma ndani angadzuke munthu wamkulu ali chiimire, akuyankhula? Anthu ankangokhala, njala ikuwaluma, n'kumavomera kuti, "Tamva, bambo." A Uladi ankabwerera kunyumba akunena kuti chipani chikukula.

Anali munthu wodziwa malire. Ankati chipani chawo ndi cha Manicaland basi, za kuseri kwa chigawocho azione eni ake. Ku Rusape kunali nthambi, imene inali mlamu wawo mmodzi wosoka nsapato. Chizindikiro cha chipani chinali chitseko chotseka, kutanthauza kuti boma likhale panja. Anachijambula a Naison pa nsalu yoyera, ndipo chifukwa dzanja lawo linazolowera zinthu zazitali, chitsekocho chinatuluka chonga bokosi la maliro. Anthu odutsa ankavula zipewa.

Ulendo wina chipani chinakonza zoguba kupita ku maofesi a masipala kukadandaula za laisensi ya agalu, poti a Uladi nawonso anali ndi galu wawo. A Naison ankafuna kufoletsa anthu awiriawiri. A Uladi anakana, anati munthu womasuka sayenda pamzere ngati mkaidi, aliyense adzere njira imene akufuna. Ena anakwera basi, ena anadzera kumsika wa Sakubva kukagula kapenta, ena anakumana ndi abale panjira. Anafika m'tauni mmodzimmodzi, nthawi zosiyana, ndipo palibe amene anadziwa kuti tsiku limenelo kunali chionetsero. Mlonda wa pageti anafunsa a Uladi ngati abwera kudzaona za penshoni.

Anyamata a chipani cholamula anabwerapo kamodzi. Masiku amenewo kubwera kwawo sikunali nkhani yoseketsa, ndipo amake Joice anabisa nsalu ija pansi pa matiresi. Anyamatawo anakhala pakhonde, n'kumvetsera chiphunzitso chonse kuyambira pa tomato mpaka pa galu. Atamaliza anayang'anana. Wamkulu wawo anawasisita a Uladi paphewa n'kunena m'Chishona kuti, "Zororai, sekuru," ndiko kuti pumulani agogo. Anapempha madzi akumwa, n'kumapita akuseka. A Uladi zinawapweteka kuposa chikwapu. Sabata yonse ankangobwereza kuti, "Ngakhale kundiopseza kokha, amake Joice? Ngakhale pang'ono?"

Zinthu zinasintha chaka chimene kunali chisankho cha makhansala. A Uladi anaimira dera lawo la Dangamvura, ndipo ulendo uno anasiya za agalu ndi njinga, n'kugwira mawu amodzi okha: chaka chino chikwakwa sichilowa m'dambo. Mawu amenewo anafika pamene chiphunzitso chonse chinalephera kufika. Mai Evah, ogulitsa tomato pa siteji ya basi, amene munda wawo unachita malire ndi wa amake Joice, anayamba kubweretsa amayi anzawo, Achewa ndi Amanyika omwe, eni dera amene kale tikadutsa ankatitcha Maburandaya, dzina lonyozera anthu a ku Malawi.

"Inu a Uladi," anatero mai Evah pa msonkhano wina, "munatimaliza ndi chikwakwa chanu zaka zonse zija. Lero mwasanduka m'busa?"

"Ndinatumidwa, amayi."

"Ndiye pano wakutumani ndani?"

"Palibe."

"Eya, bola pamenepo. Tikuvoterani, koma mukatinamiza tidzakutchetchani ndevu."

Amayiwo anadzala ndi mtima wonse chaka chimenecho, ena mpaka anagula feteleza. Amake Joice anadzalanso maungu pakati pa mizere, chinthu chimene anali atasiya kalekale chifukwa amuna a zikwakwa ankawaponda. A Uladi ataona maunguwo anadziwa kuti akazi awo akhulupirira, ndipo anachita mantha.

Kutatsala masiku ochepa kuti anthu avote, kunabwera uthenga wochokera ku Penhalonga kuti a Makaiko atisiya. A Makaiko anali nkhalamba ya pa mgodi, mmodzi wa amene anayambitsa beriya, ndipo anawanyamulapo a Uladi ali khanda. Banja linati mwambo woika ukhale Loweruka. Loweruka lomwelo ndilo linali la chisankho.

A Naison anathamangira kwa a Uladi. "Achimwene, tiyeni tivote kaye m'mawa, kenako lole itinyamule. Malemu sathawa."

A Uladi anawayang'ana ngati atukwana m'tchalitchi. "Mukuti a Makaiko agone okha ife tili pamzere wa voti? Adzukulu akumba manda nthawi yanji? Amayi aphika nthawi yanji? Lamulo la beriya mukulidziwa, pa maliro timagona konko."

"Lamulolo munaika ndinu. Lichotseni tsiku limodzi."

"Limenelo si lamulo la boma, ndi mwambo. Tiika m'mawa, dzuwa likamafika pamutu tili m'lole. Kuvota amatseka madzulo."

Choncho Lachisanu chipani chonse cha Tisiyeni chinakwera lole chitavala yunifolomu ya beriya, n'kupita ku Penhalonga chikuimba nyimbo za maliro. Mai Evah ndi amayi ambiri a kudambo anakwera nawo, chifukwa mkazi wa malemu anali mnzawo wa kumsika, ndipo maliro a mnzako sufunsa mtundu.

Loweruka m'mawa manda anali okonzeka, bokosi lili pakhonde, abusa afika. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi: a Taison, mphwake wa malemu, mwini mbumba, amene ankagwira ntchito ku Kadoma. Kwathu maliro saika mwini mbumba asanaone nkhope ndi kupereka mawu. Uthenga unati anyamuka, ali m'basi.

Dzuwa linakwera. Linafika pamutu. Linayamba kupendeka. Anthu anakhala pansi pa mitengo, maso ali kumsewu. A Naison ankangotulutsa wotchi yawo ya ku njanji n'kuibweza m'thumba.

"Achimwene," ananong'ona, "inu ndinu wapampando. Nenani mawu amodzi, lole ikatule anthu akavote, ibwerenso."

"Tichoke maliro ali pakhonde? Watimasula ndani?"

"Nanga si inu mumati munthu safunika chilolezo?"

"Cha masipala, a Naison. Cha masipala."

Mai Evah anamva. Anachoka pa moto pamene ankaphika, chipande chili m'manja. "A Uladi, chimanga changa chafika m'chiuno. Mukundimva?"

"Ndikumva, amayi. Palibe wakukakamizani kukhala."

"Ndiye ndidzuke ndekha, anthu onsewa akundiona? Mawa ndikafa ine adzandiika ndani?"

Anabwerera pa moto. Palibe amene anadzuka. Amake Joice ankatsuka mbale kuseri kwa nyumba, ndipo pamene amuna awo anadutsa anangowayang'ana kamodzi, n'kupitiriza kutsuka.

A Taison anafika mthunzi utatalika, atanyamula kachikwama ndi ambulera. Analira monga kuyenera. Kenako anakhala pansi n'kupempha kuti awafotokozere mmene matenda anayambira, ndipo anawafotokozera kuyambira pa chifuwa cha chaka chatha. Atakhutira, anaimirira kuthokoza amene anabwera, mtundu ndi mtundu, mpingo ndi mpingo. Pomaliza anathokoza mwapadera a Uladi, kuti m'dziko lino anthu osunga mwambo ngati iwo atsala ochepa. A Uladi anaweramitsa mutu. Kunena zoona, mawuwo anawakoma.

Lole inafika pa sukulu yovotera ku Dangamvura geti litatsekedwa, apolisi akukweza mabokosi m'galimoto. Chipani chonse chinaonerera chili m'lole, fumbi la kumanda lili kumapazi. Zotsatira zitatuluka, chitseko cha a Naison chinapeza mavoti ochepa oti munthu angawawerenge pa zala. A Uladi sanavote, a Naison sanavote, ndipo mpaka lero sizidziwika kuti anthu okoma mtimawo anali ndani.

Thirakitala linabwera pa nthawi yake. A Uladi anavala jekete, n'kupita kudambo kuti akaime pamodzi ndi anthu awo, aone chimanga chawo chikugwa monga cha wina aliyense. Anali atakonza ndi mawu oti anene. Amuna a zikwakwa anayambira kumunsi, kwa mai Evah, n'kumakwera. Atafika pamalire a munda wa amake Joice, Wilbert anakweza dzanja. Amunawo anazungulira, n'kukayambira munda wotsatira.

"Wilbert! Mwadumpha apa!"

Wilbert anavula chipewa. "Mdala, munda uwu unatchetchedwa mokwanira. Zaka zonse zija tinkayambira pano, amayiwa osatinena kanthu. Anyamata akana. Ndiye tingoti sitinauone."

"Simunauone bwanji? Ndi uwu! Tchetchani!"

"Simulinso kapitawo, mdala."

Pofika masana dambo lonse linali litagona pansi, kununkha utomoni wa mapesi. Pakati pake panaima munda umodzi, wobiriwira, ngayaye zikugwedezeka, wooneka ngakhale uli pa basi yochokera m'tauni. Mai Evah anaima pa mapesi awo, manja m'chiuno.

"Eee, a pulezidenti! Chikwakwa sichilowa m'dambo, eti? Munaiwala kutiuza kuti dambo lake ndi la kwanu."

"Amayi, sindinapemphe."

"Ayi, inu simupempha. Inu mumangotumidwa."

Amayi ena anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. Lamulungu lotsatira, pemphero la beriya litatha, a Uladi anavula jekete n'kunena kuti aliyense ndi womasuka kupita. Kwa nthawi yoyamba anthu anawamvera. Anatsala a Naison okha, ndi wotchi yawo.

Lolemba a Uladi anapesa tsitsi, n'kukwera basi kupita ku maofesi a masipala. Anadikira pa benchi mpaka anaitanidwa ndi kalaliki wina wachinyamata wa tayi yofiira.

"Tikuthandizeni chiyani, sekuru?"

"Ndabwera kudzanena munthu wolima m'dambo mosaloledwa."

"Ndani?"

"Ine."

Kalalikiyo anaika cholembera pansi. A Uladi anafotokoza zonse mwaulemu: kuti lamulo ndi loipa, kuti iwo ndi mtsogoleri wa chipani chofuna kulithetsa, koma poti lilipo ligwire onse mofanana, ndipo akupempha boma litumize anthu akatchetche chimanga chawo msanga, chisanakhwime. Kalalikiyo anaitana mnzake wa m'chipinda china kuti adzamve nawo.

"Sekuru, ntchito ya m'madambo yatha chaka chino. Thirakitala lili ku Greenside, likutchetcha udzu wa m'mbali mwa msewu. Sitingalibweze chifukwa cha munda umodzi."

"Koma ndaphwanya lamulo."

"Mudzaphwanyenso chaka chamawa, tidzabwera. Ngati zikukuvutani kwambiri, katchetcheni nokha. Palibe akuletsani."

A Uladi anatsika basi ali ndi maganizo amenewo. Sanalowe m'nyumba, analunjika kudambo kukaona poyambira. Anapeza amake Joice ali m'munda, akupalira maungu.

"Amake Joice, chimangachi chiyenera kugwa. Anthu akuti ndagulidwa."

Amake Joice anaweramuka pang'onopang'ono, n'kutsamira khasu. Pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanawatsutsepo amuna awo pa nkhani ya munda.

"Bambo a Joice, akuti mwagulidwa inu. Chimangachi sanachinene kanthu. Ndadzala m'dambo muno kuyambira Joice ali kumsana, lero ali ndi ana ake, ndipo sindinalawepo chimanga cha m'munda uno. Chino ndidya."

"Nanga chipani?"

"Chipani chidzale chake."

Anaweramanso. A Uladi anaima pamenepo nthawi yaitali, akufunafuna m'chiphunzitso chawo chonse mawu olamulira munthu pa munda wake, ndipo sanawapeze.

Chimanga chitakhwima, amake Joice anathyola chodzaza dengu n'kukapereka kwa mai Evah ndi amayi ena a kudambo. Analandira, anathokoza, koma ku chipani sanabwerere. Chipanicho sichinathetsedwe, chifukwa chinalibe lamulo lothetsera, ndipo a Uladi anakhala pulezidenti wake mpaka tsiku limene beriya inawanyamula iwonso.

Koma za chimanga chija, iwo analumbira kuti sadzachiika pakamwa, chifukwa ndi chimanga cha tsankho. Amake Joice sanatsutse. Masana ena anaotcha ziwiri pa makala, chimodzi anadya okha atakhala pa mkeka, mosafulumira, mzere ndi mzere. Chinacho anachiika m'mbale pambali pa mpando wa amuna awo, n'kunena kuti akupita kukaona mai Evah. Anachedwako dala. Pobwera anapeza mbale ili yopanda kanthu, a Uladi akuyang'ana kuphiri ndi nkhope ya munthu woganiza za dziko.

"Galu uja wayamba kuba," anatero a Uladi.

"Wayambadi," anavomera amake Joice. "Mawa ndimuotchera ziwiri."